Kuika Mtengo pa Mikanda: Malangizo kwa Oyamba Malonda

Nkhani yathu ya lero ikukhudza ntchito ya manja imene ambiri a inu mwaiyamba kale kapena mukuilakalaka, ndiyo yotunga ndi kuluka mikanda yogulitsa. Tidzaikamba monga momwe zinthu ziliri m'boma la Chongwe, pamtunda wa makilomita ngati 45 kummaŵa kwa Lusaka, ngakhale kuti zambiri zidzathandiza munthu wa kwina kulikonse. Amene amayamba ntchito imeneyi ngambiri chifukwa siifuna nyumba yapadera kapena makina. Singano, ulusi, kambale ndi maso abwino, basi munthu wayambapo. Komatu ambiri mwa oyambawo amasiya pasanapite nthaŵi, ndipo ukawafunsa amayankha kuti mpamba unatha. Manja awo anali aluso, katundu wawo ankagulidwa, koma ndalama zinapita osadziŵa kumene zinaloŵera. Kaŵirikaŵiri chimene chinawagwetsa ndi mtengo umene anaika pa katundu wawo.

Tisanafike ku masamu, tiyeni tikumbuke kuti mkanda ndi katundu wa malonda kuyambira kalekale m'dziko lino. M'chaka cha 1960, anthu amene ankakumba maziko a thanki la madzi pa chitunda cha Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anapeza manda a anthu olemera amene anaikidwa zaka mazana angapo zapitazo. M'mandamo munali mipingasa ya mkuwa, timikanda ta golide, ndi mikanda yambirimbiri ya galasi imene inachokera kutsidya kwa nyanja ya mchere ya India. Pambuyo pake Apwitikizi anadzakhazikika ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero timati Luangwa, nakhala akusinthanitsa nsalu ndi mikanda ndi minyanga ya njovu. Mkanda wa galasi, tsono, makolo athu sankaupanga okha. Ankaugula, ndipo ankaugula modula. Lerolino zinthu sizinasinthe kwenikweni. Mikanda yabwino koposa imapangidwa ku Czech Republic ndi ku Japan, yotsikirapo mtengo imachokera ku India ndi ku China, ndipo yonseyi imafika m'masitolo a ku Kamwala ndi a m'tauni ya Lusaka itagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha ikagwa mphamvu, paketi ya mikanda imakwera mtengo, inu muli kumudzi osadziŵa kanthu. Choncho wotunga mikanda ayenera kudziona ngati wamalonda amene amagula kutali nagulitsa pafupi, osati ngati woumba mbiya amene dothi amakalitapa kudambo kwaulere.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Chalimbana wapita ku Lusaka kukaoda mikanda. Ziŵerengero zimene tigwiritse ntchito pano nzongoyerekezera, inu mudzaikemo mitengo imene mwaipeza kusitolo. Paketi imodzi wagula K40, ndipo paketiyo imatulutsa mikanda ya m'khosi itatu ya mizere itatuitatu. Mayiyu akuŵerenga kuti mkanda umodzi wamudyera K13. Akuyang'ana mnzake wa pamsika amene amagulitsa pa K25, naye akuika K25, nasangalala kuti pa mkanda uliwonse akupindula K12. Wagulitsa mikanda 20, m'thumba muli K500. Akuchotsapo K240 imene akuiyesa phindu, nagula sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za mwana. Palibe angamdzudzule pa zimene wagulazo. Koma tsiku lopitanso ku Lusaka, K260 yotsalayo ikungokwanira zipangizo ndi zolipira zina za mikanda 11. Ulendo wotsatira idzakwanira isanu ndi umodzi, ndipo mwezi wachitatu adzakhala akuuza anzake kuti malonda a mikanda alibe phindu.

Kodi chinalakwika nchiyani? Mayiyu anaŵerenga mikanda yokha, naiŵala zina zonse zimene zimaloŵa mu mkanda wa m'khosi usanafike m'manja mwa wogula. Pali ulusi wa nayiloni, titi K1. Pali kachitsulo kokoloŵekera kumbuyo kwa khosi, K3. Pali kapepala kapulasitiki koikamo, K1. Zimenezi pamodzi ndi mikanda zikukwana K18. Ndipo musaiŵale kuti si mkanda uliwonse wa m'paketi umene umagwira ntchito. Ina ngosweka, ina ilibe boo, ina imagwera m'fumbi mwana akagunda mbale. Nchifukwa chake nkwabwino kuŵerenga mikanda ya m'khosi imene paketi yatulutsadi, m'malo moŵerenga imene ikanatulutsa. Amene alibe sikelo angathe kuyesa ndi sipuni yaing'ono: aŵerenge masipuni amene ali m'paketi yonse, agaŵe mtengo wa paketi ndi chiŵerengerocho, ndipo adzadziŵa mtengo wa sipuni imodzi.

Kenaka pali zolipira zimene sizioneka pa mkandawo, ndipo zimenezi ndizo zimadya mpamba mwakachetechete ngati chiswe. Minibasi yopita ku Lusaka ndi yobwerera imalipiridwa. Chakudya cha pa ulendowo chimalipiridwa. Msonkho wa pamsika, ndalama za foni zolankhulira ndi ogula, singano zothyoka, chopanira waya chimene chidzatha tsiku lina, zonsezi zimatuluka m'thumba lomwelo. Njira yake njophweka. Lembani zonse zotere za mwezi umodzi, muzigaŵe ndi chiŵerengero cha katundu amene mwapanga mweziwo. Ngati zakwana K250 ndipo mwapanga zinthu 50, ndiye kuti chinthu chilichonse chisenze K5. Apa tikuonanso ubwino wosapita ku Lusaka kukagula mapaketi aŵiri okha. Amayi anayi akasonkha, natuma mmodzi, mtengo wa minibasi umagaŵika panayi, ndipo wogula mapaketi ambiri nthaŵi imodzi amakhala ndi pakamwa ponenerera kwa mwini sitolo. Kwa mayi wathu uja, K18 ndi K5 zikupanga K23. Pa K25 imene ankagulitsa, iye ankatsala ndi K2 yokha.

Tsono tafika pa chinthu chimene oyamba ambiri amachita nacho manyazi, ndicho kudzilipira okha. Ambiri amati, popeza ndimatunga nditakhala pansi pa mtengo madzulo, nditamaliza ntchito zina, nthaŵi imeneyo njaulere. Ife sitikugwirizana nawo. Ola limene mwatunga mikanda ndi ola limene simunathirire dimba, simunaphike zitumbuwa zogulitsa, simunagwire ganyu. Lili ndi mtengo wake. Funso nlakuti mtengowo tiupeze kuti. Poyambira pabwino ndi malipiro amene boma limakhazikitsa. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, boma la Zambia linaika malipiro ochepetsetsa a wantchito wa m'nyumba pa K1,300 pamwezi. Ngati munthu agwira masiku 26 pamwezi, maola 8 patsiku, ndiwo maola 208, ndipo ola limodzi likukwana K6.25. Wotunga mikanda ali ndi luso limene anachita kuphunzira, ndipo maso ndi msana wake zimatopa; sayenera kudzilipira zochepera pamenepo. Tiyeni timuikire K8 pa ola. Mkanda wa mizere itatu uja umatenga ola ndi theka, ndiye kuti ntchito yake ndi K12.

Pali chenjezo limodzi pano, ndipo ndi la chilungamo kwa wogula. Woyamba amachedwa. Chimene katswiri amamaliza pa ola limodzi, iye amathera maola atatu, kumasula ndi kuyambanso. Wogula sangalipire maola ophunzirirawo. Choncho musayese nthaŵi pa mkanda woyamba kapena wachiŵiri. Pangani mtundu womwewo kakhumi, ndipo wakhumiwo ndiwo muuyese ndi wotchi, kuyambira posankha mitundu mpaka pomanga mfundo yomaliza.

Tikaphatikiza K18 ya zipangizo, K5 ya zolipira zina ndi K12 ya ntchito, tikupeza K35. Umenewu tiutche mtengo wa pansi. Mukagulitsa pa K35 simunataye kanthu, koma malonda anu sanakule ngakhale ndi ngwee imodzi. Malipiro a ntchito yanu si phindu ayi. Malipirowo ndiwo mukagulire ndiwo ndi sopo, pamene phindu ndilo limatsala m'malondamo kuti mugule mitundu yatsopano, kuti mupirire mwezi umene simunagulitse, ndi kuti mitengo ikakwera ku Kamwala musabwere ndi thumba losadzaza. Onjezani gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiyo K7, mufike pa K42, ndipo poti chenje chimavuta munene K45. Umenewu ndiwo mtengo woodetsera, wa munthu amene watenga khumi kapena makumi aŵiri nthaŵi imodzi kuti akagulitse kwina.

Nanga wogula umodzi pamsika? Iyeyu alipire zoposerapo, ndipo chifukwa chake nchomveka. Kugulitsa nakonso ndi ntchito. Mukakhala pa kantemba tsiku lonse nkugulitsa zinthu zisanu ndi zitatu, ndiye kuti chilichonse chakudyerani ola lina lathunthu. Komanso kwathu kuno wogula amabwera atakonzeka kunenerera, ndipo amachoka wokhumudwa ngati simunamchotsereko kanthu. Tsono tchulani K60, mukudziŵa mumtima kuti mungathe kutsika mpaka K50. Wamalonda amene sadziŵa mtengo wake wa pansi amagonja kwa aliyense wa pakamwa pokoma, makamaka dzuŵa likapendeka ndipo ndalama ya minibasi sinapezeke. Amene akuudziŵa amayankha mwaulemu kuti, “Pepani amayi, pamenepo sindingafike, koma taonani uwu wa mzere umodzi.” Ndipo m'malo motsitsa mtengo, nthaŵi zina nkwabwino kupereka mbasela ya kachibangili kakang'ono kopangidwa ndi mikanda yotsalira. Wogula amakondwa, pamene mtengo wa mkanda wanu sunaonongeke m'makutu a anthu. Mtengo ukangodziŵika kuti ndi K25, kuukweza kumavuta kwambiri.

Ena mwa inu muli kale ndi funso, ndipo nloyenera. Bwanji ngati masamu akunena K60, koma pamsika wa Chongwe palibe wofuna kupitirira K30, popeza pafupi pomwepo pali mikanda ya pulasitiki yopangidwa ndi makina yotsika mtengo? Kunena zoona, masamu anu sakakamiza munthu kugula. Chimene amachita ndi kukuuzani msanga kuti katundu ameneyu, pamsika umenewu, sakulipirani. Mukadziŵa zimenezo pali njira zitatu: kusintha kapangidwe kuti kasamadye nthaŵi ndi mikanda yambiri, kusintha katundu, kapena kusintha msika. Njira yachinayi, yomangogulitsabe motaya poyembekeza kuti zidzasintha zokha, ndiyo inatha mpamba wa mayi wa ku Chalimbana uja. Ndipo kupikisana ndi makina pa kutsika mtengo nkosatheka. Chimene muli nacho inu, makina alibe, ndicho kupanga muyeso weniweni wa khosi la munthu, mitundu yogwirizana ndi chitenje chake, dzina la mwana wake lolukidwa pa chibangili, ndi kukonza mkandawo ukaduka.

Pofuna kusankha katundu, yesani chinthu chilichonse ndi funso limodzi: kodi chimandipatsa zingati pa ola? Mkanda wa mizere itatu, pa K45, ukachotsa K23 umasiya K22 pa ola ndi theka, ndiyo pafupifupi K15 pa ola. Ndolo zazing'ono zimatenga mphindi 15. Titi zipangizo zake ndi K6, zolipira zina K2, ndipo zimagulidwa K20. Pa ola limodzi mwapanga mapeya anayi, mwatsala ndi K48. Koma chibangili chachikulu cholukidwa ndi timikanda ting'onoting'ono, chokhala ndi maluŵa ndi mizere yopingasa, chingathe kudya maola 6. Ntchito yokha ndi K48, ndipo mtengo wake wa pansi ukuyandikira K70. Chimenechi ndicho chimakondweretsa mtima wa mmisiri, ndicho anthu amaima nkuchiyamikira, koma kaŵirikaŵiri ndicho chimalipira pang'ono koposa. Sitikunena kuti musachipange. Chimodzi kapena ziŵiri zikhale patebulo kuti ziitane anthu ndi kuonetsa luso lanu, zina muzipanga pokhapokha munthu ataitanitsa. Sitikunenanso kuti mupange ndolo zokhazokha, pakuti makutu a pa Chongwe ali ndi malire. Podziŵitsa amene akukagula koyamba: pa mapaketi a timikandati pamalembedwa manambala monga 6/0, 8/0 ndi 11/0, ndipo nambala ikamakula mkanda umachepa. Wa 11/0 ndi wa mamilimita ngati aŵiri, wokongola poluka koma wochedwetsa, pamene wa 8/0 ndi wa 6/0 umadzaza ulusi msanga ndipo ngwabwino kuphunzirirapo.

Za misika, anthu a ku Chongwe ali ndi mwayi umene anzawo a kutali alibe, pakuti ali ndi ogula a mitundu iŵiri. Oyamba ndi anansi: aphunzitsi, anamwino, ophunzira a pa yunivesite ya Chalimbana, amayi a mumpingo, ndi alimi akagulitsa chimanga. Ameneŵa amagula zotsika mtengo koma amabweranso, ndipo amagula kwambiri kumapeto kwa mwezi ndi m'miyezi ya pambuyo pa kukolola. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama zimapita ku mayunifolomu, mabuku ndi ufa, ndipo imeneyo ndi nthaŵi yopanga katundu ndi kusunga, osati yodandaula. Pakati pa anansi omweŵa pali malonda ena akale amene sachitikira poyera, a mikanda ya m'chiuno. Imeneyi siyalidwa patebulo pamaso pa ana ndi abambo odutsa. Imayenda kudzera mwa alangizi ndi pa maphwando okonzekera ukwati, ndipo wogulitsa amene amasunga chinsinsi cha ogula ake sasoŵa ntchito. Mitundu yake ili ndi matanthauzo amene alangizi amaphunzitsa, choncho woyamba afunse kwa iwo asanasakanize mitundu mwa kufuna kwake.

Ogula achiŵiri ndi alendo ndi anthu a mumzinda. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lomweli la Chongwe. Mseu wa Great East, wopita ku Chipata ndi ku Malaŵi, umadutsa pakati pa tauni. Ku Lusaka kuli mudzi wa zaluso wa Kabwata, pa mseu wa Burma, umene unapatulidwa mu 1974 kuti amisiri azigulitsirapo ntchito zawo, ndiponso chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda chimene chimachitika kumayambiriro kwa Ogasiti. Kwathu komwe kuno, mvula ikamayandikira, Asoli amachita mwambo wa Chakwela Makumbi motsogozedwa ndi Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo anthu amasonkhana kuchokera kutali. Pa 24 Okutobala pali chikondwerero cha ufulu, pamene zibangili za mitundu ya mbendera, wobiriŵira, wofiira, wakuda ndi wa lalanje, zimafunidwa kwambiri. Wofuna kugulitsa pa masiku ameneŵa ayambe kutunga mu Ogasiti. Mlendo amalipira bwino, koma amayang'anitsitsa mfundo ndi kokoloŵekera, ndipo amafuna kumva kuti chinthucho anapanga ndani, kuti, ndi chiyani. Ku Mfuwe kuli amayi a kampani ya Mulberry Mongoose amene amapanga zokongoletsa ndi waya wa misampha yolandidwa kwa opha nyama mozemba, ndipo katundu wawo amagulidwa mpaka kunja kwa dziko chifukwa wogula amatenga mkanda pamodzi ndi mbiri yake. Inunso kapepala kakang'ono kolembapo dzina la malonda anu ndi mawu akuti “Chongwe, Zambia” sikadula, koma kamasiyanitsa katundu wanu ndi wa m'makatoni.

Eni masitolo a zaluso ndi malo ogona alendo nthaŵi zambiri safuna kugula katundu wa woyamba. Amati musiye, tidzakulipirani zikagulidwa. Zimenezi si zoipa, koma zichitike molemba. Pepala likhale ndi chiŵerengero cha zinthu, mtengo wa chilichonse umene inu mudzalandire, tsiku lodzaŵerengerana, ndi amene adzalipire chinthu chikasoŵa kapena kuonongeka. Onse aŵiri musaine, aliyense asunge lake. Musadabwe kapena kuŵaŵidwa mtima mukaona mkanda wanu wa K45 ukugulitsidwa K100 m'sitolomo, pakuti mwini wake amalipira lendi, magetsi ndi antchito. Chofunika nchakuti K45 yanuyo ikhale yoŵerengedwa bwino. Ndipo musasiye katundu wanu yense pamalo amodzi.

Mtengo wabwino umafuna katundu wosachititsa manyazi. Mikanda ina yotsika mtengo imangopakidwa utoto pamwamba, ndipo thukuta, sopo ndi dzuŵa zimausulutsa pa masabata oŵerengeka. Musanagule yambiri, tengani pang'ono, muiviike m'madzi a sopo usiku wonse, m'maŵa muipukute pa nsalu yoyera. Nsalu ikasintha mtundu, mikandayo musaiike pa katundu wodula. Timawaya ta ndolo tina timachita dzimbiri, tina timayabwa ndi kutulutsa zidzolo chifukwa cha chitsulo chotchedwa nickel; funsani kusitolo topanda chitsulocho, ngakhale tikhale todulirapo. Amene mumakonda kusakaniza mikanda ndi njere zakutchire, peŵani timbewu tija tofiira tokhala ndi kadontho kakuda kumutu. Ntokongola, koma m'kati mwake muli ululu woopsa umene ungaphe mwana akatafuna, ndipo kutiboola kumatulutsa ululuwo. Minyanga ya njovu ndi ziŵalo za nyama zotetezedwa musazikhudze nkomwe, pakuti lamulo la nyama zakutchire la 2015 limalanga kwambiri wopezeka nazo popanda chilolezo.

Chotsala ndi ngongole, imene yagwetsa amalonda ang'onoang'ono ambiri kuposa mbala. Mlamu wanu adzatenga mkanda nati adzalipira pakutha kwa mwezi. Mnzanu wa mumpingo adzachita chimodzimodzi. Kukana nkovuta, ndipo sitikunamizani kuti mudzakana onse. Koma ikani malire, titi ngongole zonse pamodzi zisapitirire malipiro anu a sabata imodzi, ndipo wosabweza yoyamba asatenge yachiŵiri. Munthu akaitanitsa chinthu chapadera, monga mikanda ya operekeza mkwatibwi kapena chibangili cha dzina, alipiretu theka musanagule zipangizo, chifukwa chibangili cholembedwa dzina la mwini simungachigulitse kwa wina. Amene amalipira ndi ndalama za pa foni, dikirani uthenga ufike pa foni yanu, muone kuti ndalama zaloŵadi, musakhutire ndi uthenga umene akukuonetsani pa foni yawo. Ndipo kumbukirani kuti potapa ndalamazo pali kamtengo kamene kayenera kuloŵa m'gulu la zolipira zina lija.

Madzulo alionse a tsiku la malonda, gaŵani ndalama patatu musanagule ngakhale mchere. Pa mkanda uliwonse wa K45, K23 ibwerere ku mpamba, K12 ndi malipiro anu, K10 yotsalayo ndi phindu losunga, kaya m'chilimba, kaya m'gulu losunga ndi kubwereketsana la kumudzi. Lembani zonsezi m'kope la sukulu, tsamba limodzi la zogula, lina la zogulitsa, lina la angongole. Ndipo nthaŵi iliyonse mukabwera kooda ku Lusaka, khalani pansi ndi malisiti, muŵerengenso mtengo wa pansi wa chinthu chilichonse musanatunge mkanda woyamba wa m'paketi yatsopanoyo.